Mapepala a mwana wathu wobadwira ku Moatize

Abale ambiri kumudzi akhala akundifunsa chifukwa chake sitinabwerebe ndi mwana kudzamuonetsa, chikhalirecho kuchoka kuno ku Moatize kukafika ku Ntcheu ndi ulendo wa tsiku limodzi lokha. Chatigwira ndi mapepala ake. Ndati ndilembe zonse pamodzi chifukwa Amalawi obereka ana kuno ku Tete, m'dziko la Mozambique, tilipo ambiri, ndipo ena mwa inu muli ndi ana aakazi amene anatsatira amuna awo kuno.

Ine ndimakonza magalimoto akuluakulu m'tauni ino ya malasha, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera mumzinda wa Tete. Mgodi waukulu unali m'manja mwa kampani ya Vale ya ku Brazil kufikira 2022 pomwe unapita kwa Vulcan, ndipo sitima za malasha zimene mumaziona zikudutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kulowera ku Nacala zimanyamukira konkuno. Ine ndi mayi a mwana tonse ndife Amalawi. Timakhala ndi chiphaso cha alendo chotchedwa DIRE, chimene amapereka a SENAMI, ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, amene anthu amangowatchula kuti a Migração. Chiphasochi chili ndi tsiku lothera, ndipo likayandikira umapita kukachikonzetsanso.

Mwana akabadwa, a chipatala amapereka kapepala kotsimikiza kuti wabadwira pamenepo, komanso khadi ya kusikelo yolembapo katemera ndi kulemera kwake. Anzathu ambiri amalekera pomwepa, poganiza kuti mwana walembedwa. Ayi ndithu, boma limakhala lisanamudziwe. Kalata yeniyeni ya kubadwa imachokera ku Registo Civil, komwe amalemba dzina la mwana, la bambo, la mayi, ngakhalenso mayina a agogo ake. M'miyezi yoyambirira kulembetsaku n'kwaulere, koma ukachedwa umalipira, ndipo mafunso amachuluka. Ife tinapita mwana atangotuluka m'chikuta, titanyamula mapasipoti athu, ma DIRE ndi mapepala a kuchipatala aja. Mu ofesi mumayankhulidwa Chipwitikizi. Kunja pamzere mumamveka Chinyungwe, chimene Mchewa amatolako ndithu, koma ukafika pa tebulo zimafunika munthu wodziwa Chipwitikizi bwino. Ife anatiperekeza mnzanga wa ku Angónia, Mchewa mnzathu amene anaphunzira sukulu za kuno.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwira. Kalembedwe ka Chipwitikizi n'kosiyana ndi kathu. Pamene ife timalemba k iwo amalemba c kapena qu, pamene pali w amaika u. Mlembi akangomva dzina ndi khutu, Chikondi amasanduka Chicondi, Kamwendo amasanduka Camuendo. Salakwira dala, amalemba monga anaphunzirira. Koma tsiku limene mudzapite ndi kalatayo kukapempha pasipoti ya Malawi, dzina la bambo pa kalata ya mwana lidzasiyana ndi la pa chitupa cha unzika cha bambo yemweyo, ndipo wogwira ntchito sangangokukhulupirirani pakamwa kuti ndi munthu mmodzi. Kukonzetsa dzina lomwe lalowa kale m'kaundula ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama. Banja lina loyandikana nafe lakhala likuyendera chilembo chimodzi chokha mpaka mwana wayamba kuyenda. Choncho ife tinalemba mayina onse papepala ndi zilembo zikuluzikulu tisanachoke pakhomo, ndipo tisanasaine tinawerenga chilembo ndi chilembo, kufananiza ndi mapasipoti.

Funso limene apongozi anga anafunsa pa foni linali lakuti, "Nanga mdzukulu wangayo ndi wa dziko liti?" Iwo yankho anali nalo kale: mwana ndi wa mbumba yawo, malume ake ali ku Ntcheu, nkhani yatha. Pachikhalidwe chathu akunena zoona, ndipo ine sindingatsutse. Koma malamulo a maboma awiriwa ali ndi mayankho awoawo. Malamulo aakulu a Mozambique a 2004 amati wobadwira m'dzikoli pambuyo pa ufulu wa 1975 ndi nzika ya Mozambique, kupatula ana a alendo amene anabwera kudzagwira ntchito za boma la kwawo, monga akazembe. Lamulo la unzika la Malawi la 1966 nalo limati mwana wobadwira kunja ndi Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ali nzika yobadwa ya Malawi. Kale munthu wotere akakula ankayenera kutaya unzika umodzi, koma mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inavomereza unzika wa mayiko awiri. Mbali ya Mozambique, munthu amene malamulo awo akumuwerenga kuti ndi wawo, akakhala m'dziko muno amamuona ngati wa Mozambique basi, unzika winawo sauwerengera.

Ndiye makolo amayenera kukhala pansi n'kuganiza. Mwana akhoza kuyenda njira ya kuno n'kudzatenga chitupa chawo chotchedwa BI, kapena kutenga pasipoti ya Malawi n'kukhala monga mlendo pansi pa makolo ake, zomwe zikutanthauza kumupezeranso chilolezo chokhalira ku Migração. Ife tasankha kuyamba ndi pasipoti ya kwathu. Ntchito za kuno zimayenda ndi mtengo wa malasha, ndipo kontalakiti ikatha DIRE yanga nayo siikhalitsa. Ndikufuna kuti tsiku lotero likadzafika, tonse atatu tidzatuluke pa chipata cha Zóbuè ndi mapepala a mtundu umodzi. Ena asankha mosiyana, makamaka amene anakwatira akazi a konkuno ndipo ali ndi minda ndi nyumba, ndipo ine ndikuona kuti nawonso aganiza bwino.

Mwayi wathu ndi wakuti Malawi ili ndi ofesi ya kazembe wamng'ono mumzinda wa Tete momwemo, kotero sitinafunike kupita ku Maputo, komwe n'kutali zedi. Kumeneko anatilangiza za kalata yoyendera yongogwirizira, imene khanda lopanda pasipoti lingalowere nayo kwathu, ndipo ndiyo tikudikira pano. Tamasuliritsanso kalata ya kubadwa m'Chingerezi kwa womasulira wovomerezeka ndi boma, wokhala ndi chidindo, poti maofesi a kwathu sawerenga Chipwitikizi. Popeza mayi a mwana ndiwo adzatsogole ine n'kutsalira pantchito, ndalembanso kalata yololeza kuti mwana ayende nawo, n'kukaidindiritsa.

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza. Pa Lizulu ndi pa Tsangano malire ndi msewu womwewo wa M1, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, ndipo anthu amawoloka ndi mbatata ndi ana kumbuyo popanda wowafunsa. Mfumu yathu yaikulu ndi imodzi, Kalonga Gawa Undi, ndipo ku Kulamba ku Mkaika timakakumana tonse, a ku Malawi, a ku Zambia ndi a kuno. Mwana tikanatha kumudutsitsa njira zachidule, akanafika kalekale. Koma mwana wolowa chotero amakula wopanda mbiri ku boma lililonse. Vuto limadzaonekera mochedwa, pofuna chitupa cha NRB akakwanitsa zaka 16, polembetsa mayeso, kapena pofuna pasipoti yokasakira ntchito.

Kuno umboni wake tikukhala nawo. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ambiri ochokera chigawo chino cha Tete. Ana anabadwira m'misasa ndi m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Ndagwirapo ntchito ndi amuna a msinkhu wanga amene anabadwa nthawi imeneyo osalembedwa kulikonse. Kuno ena amawatcha Amalawi chifukwa cha kayankhulidwe, kwathu amawatcha a ku Mozambique, ndipo anavutika kusaka mboni ndi makalata a mafumu kuti apeze chitupa atakula kale. Zimandiwawa ndikaona achinyamata athu ogwira maganyu ndi ochita geni akuopa kukalembetsa ana chifukwa iwo eni masiku awo okhalira kuno anatha. Mantha awo ndimawamvetsa, koma wodzalipira ndi mwanayo, amene sanasankhe kobadwira. Ndimawauza kuti ayambe apita ku ofesi ya kazembe kukafunsa nzeru, kapena adzere kwa mlembi wa dera lawo amene amawadziwa.

Kwa inu amene mwana wanu wamkazi akubwera kuno ali woyembekezera, onetsetsani kuti wanyamula pasipoti yosatha masiku, chitupa chake cha unzika, buku lake la kuchipatala, ndi kalata ya ukwati ngati ilipo. Mumulemberenso mayina athunthu a makolo a mbali zonse ziwiri monga alili pa zitupa zawo, chifukwa ku Registo Civil adzawafunsa.