Nsabwe pa repu: mankhwala a m'sitolo kapena opanga pakhomo?

Kukayamba kutentha mu Seputembala, timadimba ta kuseri kwa nyumba ku Chawama ndi ku Matero, mu Lusaka, timagwidwa nsabwe. Tembenuzani tsamba la repu muone: zaunjikana kunsi, zotuwa mbuu, tsamba lapiringizika.

Mankhwala a m'sitolo, monga cypermethrin, amagwira msanga, palibe wotsutsa. Vuto n'lakuti repu timathyola pafupifupi tsiku lililonse, pomwe pabotolo palembedwa masiku odikira musanadye. Ndiwo zikasowa madzulo, ndani amawerenga masikuwo? Mankhwalawa amaphanso tizilombo todya nsabwe, ndiye zikabweranso zimaswana popanda chozisokoneza.

Opanga pakhomo safuna ndalama zambiri, amafuna khama. Sinjani masamba a nimu, tsabola wowawa ndi adyo, viikani m'madzi usiku wonse, sefani, muikemo kasopo pang'ono kuti madziwo amatire patsamba. Poperani madzulo, kunsi kwa masamba, ndipo mubwereze pakapita masiku ochepa chifukwa mphamvu ya nimu imatha msanga padzuwa. Ambiri amapopera kamodzi basi n'kumati sizigwira. Pa mabedi awiri a ndiwo za pakhomo, ine ndikuti nimu akwanira. Botolo lisiyireni wolima zokagulitsa ku msika wa Soweto, bola atsate zolembedwazo.

Pa tomato nkhani ndi ina. Mbozi ya Tuta absoluta, yomwe inafika m'Zambia mu 2016, imabisala m'kati mwa tsamba momwe tsabola safika, ndipo mankhwala ambiri inawazolowera. Masamba ogwidwawo thyolani msanga mukawotche.