Buleki ya mota pa ndege za rimoti: kuisiya pulopela, kuiimitsa kapena kuigwira pang'ono

Amene anatsikapo ndi galimoto msewu wa Ku Chawe kulowa m'tauni ya Zomba amadziwa kuti phiri limatsikidwa m'njira zitatu. Mungathe kuchotsa giya kuti galimoto ithamange yokha, mungathe kuponda buleki mpaka matayala agwire n'kuyamba kukhwekhwerezeka, kapena mungathe kuika giya yaing'ono kuti injini iziigwira galimotoyo pamene matayala akuzungulirabe. Ndege ya rimoti yoyendera batire ikaloza mphuno pansi, woiulutsa amakhala ndi chisankho chomwechi, ndipo amachipanga asananyamuke, pochuna ESC, kabokosi kamene kamagawira mota mphamvu yochokera ku batire.

Chifukwa chimene nkhaniyi imativutitsira mutu chili m'malamulo a F3A, gulu la ndege zosewera mlengalenga limene limayang'aniridwa ndi bungwe la FAI la ku Lausanne. Ndege ya gulu limeneli sipitirira mamita 2 m'litali kapena m'mapiko, imalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo kawirikawiri imanyamula batire lopepuka la mtundu wa LiPo la maselo 10, lomwe likadzaza limapereka mavoti 42. Imauluka pa mtunda wa mamita pafupifupi 150 kuchokera pamene waima woiulutsa, ndipo denga la malo ochitira masewerawo lili pa madigiri 60 woiulutsayo akayang'ana m'mwamba, kutanthauza kuti ndege ingathe kuyamba kutsika ili pa mamita oposa 250. Oweruza a mpikisano amafuna kuona liwiro losasinthasintha, pokwera ndi potsika pomwe. Ndege yosalala thupi chonchi ikasiyidwa yokha imatsika ngati mwala, ndipo kugubuduka kumene munafuna kuchita pakati pa mzere wotsikawo kumachitika mothamanga, mopanda ulemu. Kuno kwathu vutoli limakula pang'ono, popeza tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, ndipo m'mwezi wa Okutobala dzuwa likaswa mtengo umapepukiratu, choncho sugwira ndege monga umachitira m'mayiko a m'mphepete mwa nyanja kumene ambiri amachunira zipangizozi.

Njira yoyamba, yozimitsa buleki, ndi imene ma ESC ambiri amabwera nayo kuchokera ku fakitale. Mukatsitsa ndodo ya moto, ndodo ya pa rimoti yoonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya mota, mpaka pansi, mota imangosiyidwa, ndipo mphepo imazungulitsa pulopela monga imachitira ndi kachipeperepe ka ana. Ambiri amadabwa kumva kuti pulopela yozungulira chonchi imaigwira ndege kwambiri kuposa yoima, koma ndi zoona, pakuti mphepo imagwira ntchito poizungulitsa, ndipo ntchitoyo imachotsedwa pa liwiro la ndege. Ubwino wake ndi wakuti palibe chimene chimatentha, palibe chimene chimakankhidwa mwadzidzidzi, ndipo mukabwezera moto mota imayankha mosalala chifukwa inali ikuzungulira kale. Choipa chake ndi chakuti mota ya brushless, yopanda mabulashi okhudza mbali yake yozungulira, imazungulira mopepuka kwambiri, choncho pulopela imathamanga mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi mphepo, ndipo kugwira kwake kumachepa. Injini ya mafuta ya four-stroke, yogwira ntchito monga ya galimoto, inali ndi mwayi pamenepa, chifukwa ikakhala pa moto wochepa imakana kuzungulitsidwa mopitirira, ndipo amene anachoka ku mafuta kubwera ku magetsi ndiwo amadandaula kwambiri kuti ndege yawo yasanduka yopanda mabuleki.

Buleki yolimba, yoimitsiratu pulopela, ndimaikana pa ndege zathuzi, ndipo sindinena mwamphekesera. ESC imapanga buleki polumikiza pamodzi mawaya atatu a mota, kotero kuti mota imasanduka jenereta yodzitsamwitsa yokha, ndipo mphamvu yonse ya pulopela imasanduka kutentha m'makoyilo a mota ndi m'ma MOSFET, timaswitchi ta magetsi ta m'kati mwa ESC. Njirayi inapangidwira ndege zouluka ndi mphepo zokhala ndi pulopela yopindika, imene iyenera kuima kuti ipindike n'kugona pa thupi la ndege, ndiye kuti cholinga chake ndi kuchepetsa kugwira kwa mphepo, osati kukuonjezera. Pulopela ikaima, mphepo imangodutsa m'mbali mwa masamba ake awiri opyapyalawo, monga tayala logwira limatererera pa phula lonyowa. Ine ndinaiyesa pa ndege yanga ya maselo 6 ndi pulopela ya 16x10 (mainchesi 16 kutambalala kwake, ndi pitch ya mainchesi 10, mtunda umene iyenera kupita kutsogolo ikazungulira kamodzi), pabwalo lina la mpira cha kumunsi ku Jali, m'mawa mwera usanayambe. Pa mzere woyamba ndinamva kaphokoso kakuti khwii, pulopela n'kuima, ndege n'kumatsika mwaliwiro kuposa kale; nditabwezera moto pansi pa mzerewo, mota inayamba yazengereza kenaka n'kudzuka mwamphamvu mpaka phiko limodzi kupendekeka. ESC yopanda sensa imadziwa pamene maginito ali pomvera mphamvu yobwerera kuchokera ku mota yozungulira, choncho mota ikaima imayenera kuyamba mofufuza. Nditatera ulendo wachitatu ndinagwira nati ya pulopela ndi zala, ndipo inatembenuka popanda sipanala. Pamene mota ikukoka, kuterera kulikonse kwa pulopela kumamanga natiyo. Pamene ikugwira, pulopela imafuna kupitirira shafiti ndipo imamasula natiyo. Amene ali ndi mota ya giya, monga Hacker C50, adziwe kuti kugwedeza komweko kumagwera pa mano a giya, ndipo giya yatsopano siigulidwa mu msika wa Zomba, imadikiridwa masabata angapo kuchokera kunja.

Pakati pa ziwirizi pali buleki yofewa, imene imachepetsa liwiro la pulopela koma osaiimitsa, ndipo apa ndi pamene pali phindu lenileni. Pulopela ikazungulira pang'onopang'ono kuposa mmene mphepo ikufunira, masamba ake amakumana ndi mphepo chakumbuyo n'kumakankha mobweza, ndipo bwalo lonse limene ikuzungulira limakhala ngati mbale yotchinga mphepo. Ma ESC a kampani ya Castle Creations amalola kuchuna mphamvu ya buleki, nthawi yodikira isanagwire ndi mmene imakwerera, kudzera pa kompyuta ndi kachipangizo kawo ka Castle Link. A kampani ya Jeti amachunidwa ndi kabokosi ka JetiBox. Kwa ine nthawi yodikira ndi kakweredwe n'zofunika mofanana ndi mphamvu yeniyeniyo, chifukwa buleki yogwira mwadzidzidzi imagwedeza mchira wa ndege pamwamba pa mzere, pamalo pamene diso la woweruza lili tcheru. Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense, popeza pulopela yaikulu ya mainchesi 21 kapena 22 siifanana ndi ya 16, ndipo ya masamba atatu imagwira kwambiri kuposa ya awiri. Ine ndimayambira pansi, ndikuonjezera pang'onopang'ono ulendo uliwonse, ndikumvetsera: malinga pulopela ikung'ung'udza mpaka pansi pa mzere, zili bwino, ikangoti zii pakati pa njira, ndapyola, ndipo ndimabwerera m'mbuyo. Ndikatera ndimaika chala pa mota ndi pa ESC, chifukwa kutentha konse kumene buleki yachotsa pa liwiro kwatsalira momwemo, ndipo m'chilimwe chathu mpweya wozizitsa umakhala wotentha kale. Chofooka cha njirayi n'chakuti buleki imagwira pokhapokha ndodo ili pansi penipeni. Mukaikweza pang'ono chabe, imasiya, ndipo ndege imatsetsereka.

Chofooka chimenechi n'chimene anathetsa amene anapanga ma ESC ogwira liwiro la mota, otchedwa governor, ndi ena amene amabweza mphamvu ku batire ndodo ikatsika. Pamenepa ndodo siuza mota kuti ilandire moto wochuluka bwanji, koma kuti izungulire kangati pa mphindi, ndipo mphepo ikafuna kuithamangitsa, ESC imaibweza pa liwiro lomwelo. Iyi ndiye giya yaing'ono yotsikira Ku Chawe, ndipo ndikuvomereza kuti pa mizere yotsika palibe njira ina imene imaiposa, chifukwa kugwira kumakhalapo pa malo aliwonse a ndodo, ndipo gawo lina la mphamvu limabwerera m'batire m'malo mopsereza makoyilo. Komabe ili ndi zofuna zake. Mphamvu yobwererayo imakweza mavoti, choncho mawaya a batire asatalike popanda makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) oonjezera, ndipo musaiyese pa tebulo ndi chipangizo cholumikiza ku magetsi a m'nyumba m'malo mwa batire, popeza icho sichilandira mphamvu yobwerera. Zala nazo zimayenera kuphunzira mwatsopano. Ngati mwachuna kuti pulopela izizungulirabe ndodo ili pansi, switchi yozimitsiratu mota pa rimoti ndi yokakamiza, makamaka pa mabwalo athu pamene ana amathamangira ndege ikangotera.

Kwa mnzanga amene akuphunzira ndi ndege ya maselo 3 kapena 4, ndinganene kuti asiye buleki ili yozimitsidwa, ndipo ndalamazo agule pulopela yotambalala, ya pitch yocheperapo, imene imagwira mphepo mwa iyo yokha. Amene akukonzekera F3A ndipo thumba likulola, governor ndi yake. Ine ndatsala pa buleki yofewa yodikira pang'ono isanagwire, pa ESC imene ndili nayo kale, ndipo pa shafiti ndinaonjezera nati yachiwiri yomangirira yoyamba, imene ndimaiyesa ndi sipanala batire lililonse ndisanalumikize.