Credit Karma kwa amene ali pa 700 ndipo akufuna 780: imathandiza pati, imasocheretsa pati

Credit Karma ndi pulogalamu yaulere ya pa foni ndi pa intaneti yoonera mbiri yanu ya ngongole ndi mapointi ake, nambala yosonyeza mmene obwereketsa angakukhulupirireni, ndipo munthu wokhala ku America amene ali ndi nambala ya Social Security amalembetsa m'mphindi zochepa. Imaonetsa malipoti a ngongole ochokera ku TransUnion ndi Equifax, awiri mwa mabungwe atatu amene amasunga mbiri ya obwereka m'dzikomo. Kuyang'ana lipoti lanu nokha sikudula mapointi, ngakhale mutatsegula kakhumi pa tsiku. Kwa wongoyamba kumene, zimenezi n'zokwanira. Koma ngati munafika kale pa mapointi 700 kapena 720 ndipo mukufuna 780 musanakagule nyumba kapena galimoto, dziwani kuti chimene anthu amathamangira kuona, nambala yaikulu ya mapointi imene imaoneka pamwamba mukangotsegula, ndicho chofooka kwambiri pa zonse zimene Credit Karma ili nazo.

Nambalayo ndi VantageScore 3.0, si FICO; izi ndi njira ziwiri zosiyana zowerengera mapointi. Zonse ziwiri zimayambira pa 300 kulekezera pa 850, n'chifukwa chake anthu amaziyesa chimodzi. Obwereketsa ambiri amayang'ana FICO, ndipo pa FICO 670 mpaka 739 ndi mbiri yabwino, 740 mpaka 799 yabwino kwambiri, 800 kupita m'mwamba yapamwamba. Pa ngongole ya nyumba nkhani imakula, chifukwa kwa zaka zambiri mabanki akhala akugwiritsa ntchito FICO zakale: FICO 2 ya ku Experian, FICO 4 ya ku TransUnion ndi FICO 5 ya ku Equifax, n'kutenga yapakati mwa zitatuzo. Palibe ngakhale imodzi imene mungaione pa Credit Karma, ndipo lipoti la Experian mulibemo n'komwe.

Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zake. Ngongole imene inapita kwa otolera ngongole kenako n'kulipidwa, VantageScore 3.0 siiwerenganso, pamene FICO 8 imaiwerengabe pokhapokha itakhala kuti inali yochepera madola 100. Ndiye munthu amene anamaliza kulipira bilu yakale ya foni angaone nambala yokongola pa Credit Karma, kukafika kwa ogulitsa galimoto n'kuuzidwa yotsika. Zimathekanso kuti ya ku banki ikhale yokwera kuposa ya pa foni. Choncho nambala ya Credit Karma muziitenga ngati chongosonyeza kumene mukulowera, kukwera kapena kutsika. FICO 8 yeniyeni imapezeka mwaulere pa akaunti ya Experian, ndipo makampani ena a makhadi a ngongole monga Discover amaonetsa FICO kwa makasitomala awo. Zija za ngongole ya nyumba zimapezeka molipira pa myFICO, tsamba la pa intaneti la kampani ya FICO, ndipo kulipira mwezi umodzi kapena iwiri musanapite ku banki n'kokwanira.

Pamene Credit Karma imagwira ntchito yotamandika ndi pa tsamba la maakaunti. Khadi lililonse limaoneka ndi malire ake (ndalama yonse imene mukuloledwa kubwereka pa khadilo), ndalama imene banki inanena kuti muli nayo ngongole, komanso tsiku limene inatumiza uthengawo. Kwa munthu wa 700 amene sanachedwepo kulipira, mapointi ambiri otayika ali pamenepa.

FICO imagawa chonchi: kalipiridwe ndi 35 peresenti, kuchuluka kwa ngongole 30, kutalika kwa mbiri 15, ngongole zatsopano 10, mitundu ya ngongole 10. Mbali ya 30 peresentiyo imadalira kwambiri gawo la malire a makhadi limene mwadya. Ambiri amalipira khadi lonse mwezi ndi mwezi ndipo amadabwa kuti bwanji sakukwera. Chifukwa chake n'chakuti mabanki ambiri amatumiza ku mabungwe aja ndalama imene ili pa khadi tsiku lotseka sitetimenti, osati tsiku lomaliza kulipira. Masiku awiriwa amatalikirana ndi masiku osachepera 21.

Tiyerekeze kuti muli ndi makhadi awiri, lina la madola 6,000, lina la 4,000. Mumagula zinthu za madola 2,800 pa mwezi, zonse pa khadi laling'onolo chifukwa ndilo limabweza kangachepe, ndipo mumalipira zonse tsiku lake likakwana. Kwa inu palibe ngongole. Pa lipoti pakuoneka 28 peresenti pa makhadi onse pamodzi, ndi 70 peresenti pa khadi limodzilo, ndipo FICO imayang'ana zonse ziwiri. Mukalipira madola 2,600 kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti sitetimenti itseke, imatseka ndi 200 yokha: 2 peresenti pa onse, 5 peresenti pa khadilo. Ndalama yotuluka m'thumba ndi yomweyo, mwangosuntha tsiku. Masiku atatuwo ndi opatsa mpata kuti malipiro alowe, makamaka ngati pakati pali Loweruka ndi Lamlungu. Pakapita sabata imodzi kapena iwiri, tsegulani Credit Karma muone ngati ndalama yatsopanoyo yafika ku TransUnion ndi Equifax. Ntchito imeneyi Credit Karma imaigwira bwino kwambiri.

Malangizo otchuka akuti musapitirire 30 peresenti ndi a munthu amene akufuna kungokhala pabwino. Wofuna 780 azikhala pansi pa 10. Koma musafikitse makhadi onse pa ziro, chifukwa FICO ikaona kuti palibe khadi lililonse logwiritsidwa ntchito imadula mapointi pang'ono. Njira yake n'kusiya khadi limodzi litseke ndi kandalama kochepa, ena onse ziro, kenako kandalamako n'kukalipira tsiku lomaliza kulipira lisanakwane. Izi sizikutanthauza kusiya ngongole kuti ibale chiwongoladzanja. Bodza loti kulipira chiwongoladzanja kumakweza mapointi lawonongetsa anthu ndalama zambiri, ndipo palibe pointi ngakhale imodzi imene limabweretsa. Chinanso chothandiza: FICO 8 ndi zija zakale sizikumbukira za mwezi watha pa nkhani imeneyi. Mwezi wa ukwati kapena wotumiza ndalama za maliro kumudzi khadi likadzaza, mapointi amatsika, koma amabwerera sitetimenti yotsatira ikatseka yotsika. Ndiye kusamala kwambiri kumafunika miyezi iwiri musanapemphe ngongole yaikulu, osati chaka chonse.

Kukweza malire a khadi kumatsitsanso peresenti ija osalipira kanthu. Musanapemphe, funsani banki ngati ikafufuze mbiri yanu mwa njira imene amati hard inquiry, kufufuza kumene kumalembedwa pa lipoti n'kudula mapointi pang'ono. Ena amakweza popanda kutero, ena ayi.

Tsopano malonda. Credit Karma, imene kampani ya Intuit inagula mu 2020, imapeza ndalama mukatenga khadi kapena ngongole kudzera mwa iyo. Mukangotsegula mumakumana ndi makhadi olembedwa kuti mwayi wanu wovomerezedwa ndi waukulu. Mu 2022 bungwe la boma la Federal Trade Commission linalamula kampaniyi kulipira madola 3 miliyoni chifukwa chouza anthu kuti avomerezedwa kale, pamene ena mwa iwo anakanidwa atapempha. Wokanidwayo amatsala ndi hard inquiry pa lipoti popanda khadi. Chizindikiro chimenechi chimakhala zaka ziwiri, ngakhale FICO imachiwerenga miyezi 12 yokha, ndipo chimodzi nthawi zambiri chimadula mapointi osakwana 5. Vuto lalikulu ndi khadi latsopanolo: limatsitsa avereji ya zaka za maakaunti anu. Munthu wa makhadi atatu a zaka 6 aliyense akatsegula awiri atsopano, avereji imagwa kuchoka pa zaka 6 kufika pa zaka 3 ndi miyezi 7. Amene akufuna nyumba chaka chino asatsegule kalikonse, ngakhale khadi la m'sitolo limene akukulonjezani kuchotsera mtengo pa kauntala. Pofunafuna ngongole ya nyumba kapena galimoto ndi zosiyana: mabanki angapo akafufuza m'masiku 14, FICO imawerenga ngati kamodzi, ndipo FICO zatsopano zimapereka masiku 45. Makhadi alibe mwayi umenewu.

Pa zaka za mbiri, Credit Karma imaonetsa avereji ya maakaunti otsegula okha, zimene zimachititsa anthu mantha osayenera. Akaunti yotsekedwa bwinobwino imakhalabe pa lipoti mpaka zaka 10, ndipo FICO imapitiriza kuwerenga zaka zake. Chimene mumataya nthawi yomweyo mukatseka khadi ndi malire ake, ndiye peresenti ija imakwera. Khadi lakale losalipiritsa pachaka lisungeni, muziguliramo kanthu miyezi ingapo iliyonse kuti banki isalitseke yokha. Lolipiritsa pachaka, pemphani alisinthe likhale losalipiritsa m'malo molitseka.

Pa Credit Karma mudzaonanso mawu oti maakaunti anu ndi ochepa. Musakatenge ngongole chifukwa cha zimenezo. Mitundu ya ngongole ndi 10 peresenti yokha, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole yosafunika chimaposa phindu la mapointi ochepawo. Mukamaliza ngongole ya galimoto mapointi angatsike pang'ono chifukwa mwatsala ndi makhadi okha, koma si chifukwa chochedwetsera kumaliza.

Zonsezi zimagwa ndi kuchedwa kumodzi. Banki imanena ku mabungwe aja malipiro akachedwa masiku 30, ndipo chilembo chimenecho chimakhala zaka 7. Chimapweteka kwambiri munthu wa mbiri yoyera kuposa amene anali nazo kale zolakwa. Ikani kuti khadi lililonse lizidzilipira lokha, ngakhale ndalama yochepetsetsa imene banki imafuna, makamaka lija losungidwa m'dirowa limene limadulidwa kandalama ka Netflix kapena ka inshuwalansi inu mutaiwala. Mauthenga a Credit Karma amakudziwitsani zinthu zitalembedwa kale pa lipoti, ndiye pa kuchedwa sangakupulumutseni. Amathandiza pa akaunti yachilendo kapena kufufuza kumene simunapemphe, zizindikiro zoti wina akugwiritsa ntchito dzina lanu. Zikatero tsekani lipoti lanu (amati freeze) ku mabungwe onse atatu kuti wina asatsegule akaunti m'dzina lanu. Kuchita zimenezi n'kwaulere kuyambira 2018 ndipo sikukhudza mapointi.

Zolakwika pa lipoti la TransUnion mukhoza kuzitsutsa muli pa Credit Karma pomwepo, ndipo lamulo limapatsa bungwelo masiku 30 kuti lifufuze. Pa nkhani yaing'ono, monga malire olembedwa molakwika, njirayi ndi yachangu. Pa nkhani yaikulu, monga kuchedwa kumene sikunachitike, ndi bwino kulembera bungwe lililonse palokha ndi umboni wa ku banki, popeza kukonza ku TransUnion sikukonza ku Experian. Malipoti onse atatu amapezeka mwaulere sabata iliyonse pa AnnualCreditReport.com. Ngongole za kuchipatala zimene zinapita kwa otolera siziyenera kuoneka ngati zinalipidwa kapena ngati zinali zochepera madola 500, ndiye mukaziona zitsutseni.

Credit Karma ndi yoyenera kukhala nayo, bola muziigwiritsa ntchito poona malipoti awiri aja ndi kulandira machenjezo, malonda ake n'kumangowadutsa. Wotsika chifukwa cha makhadi odzaza akhoza kuona kusintha m'mwezi umodzi kapena iwiri. Wotsika chifukwa mbiri yake ili ndi zaka ziwiri zokha, monga ambiri ongofika kumene m'dzikomo amene mbiri ya kwawo siiwatsatira, palibe batani limene lingamufulumizitse, afunika kungoleka kutsegula maakaunti atsopano zaka zidutse. Ndipo pa ngongole ya nyumba mitengo yabwino kwambiri imayambira cha pa 760 mpaka 780, kotero amene wafika pamenepo pa FICO yapakati ija sapindula kwenikweni podikira 820 asanapite ku banki.