Chitetezo Mbaula pakhomo pathu ku Bembeke: zomwe ndaona m'zaka ziwiri

Mbaula yadongo imene ambiri amaitcha Chitetezo Mbaula ndinaigula kwa amayi ena oumba m'dera lathu lino la Bembeke, pa nthawi imene nkhuni zinayamba kuvuta kwambiri ndipo alonda a nkhalango sankalolanso anthu kutola nkhuni mwachisawawa. Ndinali nditamva kale za mbaulayi kuyambira pamene boma linalengeza cholinga chofalitsa mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika chaka cha 2020, koma ndinkaikayikira, chifukwa ife tinakulira pa mafuwa atatu ndipo sindinkaona chimene chikanawaposa.

Pa nkhani ya nkhuni, mbaulayi yandikhutiritsa. Moto wa pamafuwa umabalalika ndi mphepo, ndipo mphepo ya ku Dedza aliyense amaidziwa, pamene dongo la mbaulayi limatsekereza motowo n'kuulunjikitsa pansi pa poto. Nkhuni ziwiri kapena zitatu zowaza bwino zimapsetsa nsima ndi ndiwo zamasamba, ndipo dongolo likatentha limasunga kutenthako kotero kuti madzi osamba amafunda ndi makala otsala. Zitsononkho ndi mapesi ouma zimayakanso bwino. Chovuta n'chakuti khomo lake ndi laling'ono, choncho chikuni chachikulu chimene tinkasonkhezera pophika nyemba sichilowa, ndipo munthu ayenera kukhala ndi nkhwangwa pafupi. Mphika waukulu wa pamaliro kapena wa thobwa nawonso sukhazikika bwino, ndipo pa ntchito yoteroyo timabwererabe ku mafuwa.

Chimene wogula aliyense ayenera kumvetsa n'chakuti mbaulayi ndi mbale wake wa mphika wadothi, ndipo imafuna kusamalidwa mofananamo. Yanga yoyamba inatha miyezi inayi yokha, ndipo wolakwa ndinali ine. Tsiku lina titaphika ndinathira madzi kuti ndizimitse moto, monga tinkachitira pamafuwa, ndipo ndinamva kuti "the!", mng'alu n'kutsika kuchokera pakhomo mpaka pansi. Nditabwerera kwa amayi amene anandigulitsa, anaseka n'kundifunsa kuti, "Kodi mayi, mphika wotentha mumauthira madzi ozizira?" Anandiphunzitsa kuti posankha mbaula ndiziigogoda ndi chala: yowotchedwa bwino imalira mokweza ngati mtsuko wabwino, pamene yosapsa kapena yokhala ndi mng'alu wobisika imalira mogonthera. Kuyambira pamenepo ndimasolola nkhuni zotsala n'kuzizimitsira panja, ndimachotsa phulusa m'mawa uliwonse kuti mpweya uzilowa bwino, ndipo sindiisiya pamvula kapena pamame. Sindiinyamulanso ikadali yotentha kapena poto ali pamwamba, popeza zogwirira zake n'zadongo ndipo zimatha kuthyoka. Povundula nsima ndimaikhazika pamalo osalala n'kugwira poto mwamphamvu, chifukwa mthiko ukhoza kuigwedeza. Yachiwiriyi yatha chaka ndi theka ilibe vuto.

Pali chenjezo lina limene ndikuona kuti ogulitsa salitsindika mokwanira. Utsi umachepadi, makamaka nkhuni zikakhala zouma, ndipo mwaye sudzazanso kudenga la khitchini monga kale, koma mbaulayi ilibe chumuni. M'miyezi ya June ndi July, chisanu chikafika poti zala zimakanika kugwira mpeni, munthu amakopeka kuilowetsa m'nyumba yogona n'kutseka zitseko ndi mawindo. Zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa moto woyaka m'chipinda chotsekedwa umatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire ndipo umatha kupha anthu ali m'tulo. Ife timaphikira pakhonde kapena m'khitchini chitseko chili chotsegula. Ana nawonso ayenera kuchenjezedwa, pakuti dongolo limaoneka lozizira moto utazima kale pamene likhoza kuwotcha dzanja.

Agogo athu amadandaulabe kuti pa mbaulayi munthu saotha moto bwino ngati pamafuwa, ndipo akunena zoona, chifukwa kutentha kumene ankakumva m'miyendo tsopano kumapita ku poto. Madzulo a chisanu timawasonkhera kamoto kawo panja, koma chakudya chonse cha tsiku ndi tsiku timaphikira pa mbaula, ndipo ino ikadzasweka ndidzapitanso kwa amayi omwewo kukagogoda ina.