Scout Terra: yamagetsi okhaokha kapena ya Harvester?

Kampani ya Scout, yomwe ili pansi pa Volkswagen, ikumanga fakitale ku South Carolina ku America, ndipo pikapu yake ya Terra idzatuluka m'mitundu iwiri. Yamagetsi okhaokha akuti idzayenda makilomita pafupifupi 560 ikachajidwa kamodzi. Inayo, yotchedwa Harvester, ili ndi batire laling'ono lokwana makilomita pafupifupi 240, kuphatikiza injini ya petulo yomwe imafikitsa ulendo pa makilomita 800. Injiniyo siyendetsa mateyala. Ntchito yake ndi kupukusa jenereta yodzaza batire basi.

Nkhani yagona pa ngolo. Mukakoka kalavani yaitali, mphepo imaikankha mwamphamvu moti mtunda wa batire umatsika pafupifupi ndi theka. Pamalo ambiri ochajira muyeneranso kumasula ngoloyo kaye kuti chingwe chifike. Wa Harvester amangoima pa filing'i sitesheni mphindi zisanu n'kumapita.

Koma injiniyo imabwera ndi zofuna zake: oyilo, mafyuluta, mapulagi, ekizozi. Ikangokhala osalira miyezi yambiri petulo amaguga m'thanki, ndiye muziiliza mwa apo ndi apo. Pokwera phiri lalitali ndi katundu wolemera, batire likatsika kwambiri, mphamvu imachepa chifukwa jenereta payokha sikwanitsa zomwe mota zamagetsi zoyendetsa mateyala zikufuna. Yambani chitundacho batire lili ndi moto wokwanira.

Ngati mumachajira pakhomo usiku ndipo simukokakoka ngolo, tengani yamagetsi okhaokha. Kulipirira injini yolira kawiri pachaka n'kutaya ndalama.