Maphunziro a kukoleji ya mpingo: zimene zinandikhutiritsa ndi zimene zinaperewera

Ndinachita digiri ya zauphunzitsi pakoleji ina yoyendetsedwa ndi mpingo, ndipo popeza tsopano ndagwira ntchito kwa zaka zingapo, ndikutha kuona bwino ngati maphunzirowo anali oyenera fizi imene makolo anga anavutikira. Ndine wokhutira, ndipo chifukwa chachikulu ndi aphunzitsi.

Makalasi athu anali ang'onoang'ono, moti mphunzitsi ankadziwa dzina la wophunzira aliyense, ankazindikira wina akajomba, ndipo ankamufunafuna kuti amve chimene chavuta. Bambo amene ankandiyang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza ankawerenga ndime iliyonse ya zolemba zanga n'kundibwezera kuti ndikonze, mosatopa ndiponso mosandinyoza, mpaka ndinaphunzira kuteteza mfundo zanga ndi umboni. Tikakumana ndi anzanga amene tinamaliza limodzi, nkhani zathu zimathera pa anthu oterewa. Zimenezi zikugwirizana ndi kafukufuku amene bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup linachita ndi yunivesite ya Purdue ya ku America mu 2014, pofunsa anthu oposa 30,000 amene anamaliza maphunziro apamwamba ku America. Anapeza kuti amene anali ndi mphunzitsi wowasamala komanso mlangizi wowalimbikitsa ndiwo ankaikirapo mtima kwambiri pantchito zawo, pamene mtundu wa sukulu imene anapitako sunkasintha zambiri.

Pa nkhani ya chikhulupiriro ndili ndi maganizo awiri. Phunziro la makhalidwe oyenera pantchito, limene tonse tinkayenera kulitenga, landithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera, makamaka pamene kholo lina linafuna kundipatsa kangachepe kuti ndikweze malikisi a mwana wake. Koma lamulo lolemba mayina a obwera kumapemphero a m'mawa silinandisangalatse, chifukwa ophunzira ena, makamaka a zipembedzo zina, ankangobwera kuopa chilango, ndipo pemphero lokakamiza silimanga munthu.

Chimene chinaperewera kwenikweni ndi zipangizo. Mabuku ambiri a mulaibulale anali akale, intaneti inkadukaduka, ndipo makompyuta anali ochepa moti nthawi ya mayeso tinkachita kulindirana. Ofesi yotilumikiza ndi olemba ntchito inali yofooka. Ambiri tinapeza ntchito kudzera mwa aphunzitsi omwewo, amene ankatilembera makalata otichitira umboni ndi mtima wonse.

Kholo kapena wophunzira amene akuganizira koleji yotere ayambe watsimikiza kuti pulogalamu imene akufuna, osati koleji yokha, ndi yovomerezedwa ndi bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, chifukwa digiri yosavomerezedwa imakanidwa pofunsira ntchito kapena maphunziro opitiriza. Afunsenso kuchuluka kwa ophunzira m'kalasi imodzi ndi chiwerengero cha aphunzitsi okhazikika. Kwa wofuna zauphunzitsi kapena zaumulungu ndingamulimbikitse mosakayika, koma wofuna sayansi akaone kaye labotale ndi maso ake asanalipire fizi.