Bowling for Columbine ndi Newtown, muyambe iti?

Amene mukufuna kumvetsa nkhani ya mfuti ku America koma bandulo ikungokwana filimu imodzi, awiriwa ndi osiyana zedi ngakhale onse achokera pa ana kuwomberedwa kusukulu.

Bowling for Columbine ndi ya Michael Moore, inatuluka 2002 n'kuwina Oscar 2003. Dzinalo lachokera ku Columbine High School ku Colorado komwe pa 20 Epulo 1999 anyamata awiri a pasukulu pomwepo anapha anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi, koma Moore sakhazikika pamenepo ayi, amangoyendayenda ndi kamera kufunsa kuti bwanji aku America amaphana chonchi pomwe ku Canada mfuti ziliko zambirimbiri koma saphana choncho. Iye akuti gwero ndi mantha omwe anthu amadyetsedwa pa TV tsiku ndi tsiku. Amalowa mu banki ina ku Michigan kutsegula akaunti n'kutulukamo ndi mfuti yamphatso, ku Toronto amakatsegula zitseko za eni ake n'kupeza zosakhoma, kenako amatenga anyamata awiri opulumuka ku Columbine, zipolopolo zidakali m'thupi, mpaka kulikulu la Kmart, kampani ya masitolo yomwe inkagulitsa zipolopolo, ndipo kampaniyo inalonjeza kusiya kugulitsa zipolopolo za pisito. Maola awiri koma simungasinze, penanso mumaseka kumene.

Chondivuta ine ndichakuti a Moore amakonda kuonekera, komanso anthu ambiri anadandaula ndi momwe anadulira n'kulumikiza zolankhula za Charlton Heston, yemwe anali pulezidenti wa NRA, bungwe lomenyera ufulu wokhala ndi mfuti. Ndiye muziwonera mukudziwa kuti mwiniwake anasankha kale mbali.

Newtown ya Kim Snyder, ya 2016, nthabwala mulibe olo imodzi. Ndi ya ku sukulu ya Sandy Hook m'tauni ya Newtown ku Connecticut, komwe pa 14 Disembala 2012 anaphedwa ana 20 a zaka 6 ndi 7 komanso akuluakulu 6 a pasukulupo. Wojambula samveka akukuuzani zoganiza, amangosiya makolo, aneba ndi omwe anathamangira kukathandiza alankhule okha, wopha uja satchulidwa n'komwe dzina. Zili ngati wakhala pa siwa koma anamfedwa akufotokoza chilichonse. Za malamulo zilimo pang'ono chabe, pomwetu mu Epulo 2013 bilu yoti ogula mfuti ambiri aziyamba afufuzidwa inapeza mavoti 54 kunyumba ya malamulo ya Senate koma imafunika 60, basi inagwa.

Ngati mukufuna zokatsutsana ndi anzanu kapena muli ndi asainimenti, tengani ya Moore, mfundo zilimo zambiri ngakhale manambala ake ndi akalekale. Ine ndingati Newtown ndiyo yoona mtima, ndi yaifupinso, siikwana ola ndi hafu. Koma amene muli ndi mwana wa sitandade 1 musaiwonere usiku muli nokha.